Death Note pa siteji: nkhaniyi ikudontha pati? Mafunso ndi mayankho

Anthu amene anawerenga manga ya Death Note kapena kuonera makatuni ake, akakumana ndi sewero lake la nyimbo amatuluka atakondwa ndi maimbidwe, koma m'mutu muli "nanga bwanji" wosatha. Ndasonkhanitsa mafunso amene ndimawamva kawirikawiri. Ena ndawayankha mwachidule chifukwa yankho lake lili poyera, ena ndakhalapo nthawi chifukwa amandivuta inenso. Ndiulula mathero onse, a sewero ndi a manga omwe. Ngati simunaonere ndipo simufuna kuuzidwiratu, imani pomwepa.

Tisanapite patali, tikunena sewero liti?

Death Note inayamba ngati manga, nkhani ya zithunzi imene analemba Tsugumi Ohba ndipo anajambula Takeshi Obata. Inkatuluka m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira Disembala 2003 mpaka Meyi 2006, mitu 108 imene inadzaza mabuku 12. Makatuni ake, opangidwa ndi Madhouse, ali ndi magawo 37. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa sukulu, Light Yagami, amene amapeza kope logwetsedwa ndi mulungu wa imfa wotchedwa Ryuk: munthu amene dzina lake lalembedwamo amafa. Light amayamba kupha zigawenga, anthu n'kumutcha Kira, ndipo wofufuza milandu wotchedwa L amayamba kumusaka.

Sewero la nyimbo linaonetsedwa koyamba mu Epulo 2015 ku Nissay Theatre mumzinda wa Tokyo, pansi pa kampani ya HoriPro. Nyimbo anapeka Frank Wildhorn, mawu ake analemba Jack Murphy, nkhani anaikonza Ivan Menchell, ndipo wotsogolera anali Tamiya Kuriyama. Kenji Urai ndi Hayato Kakizawa ankasinthana pa Light, Teppei Koike anali L, Kotaro Yoshida anali Ryuk, Megumi Hamada anali Rem, mulungu wina wa imfa. Takeshi Kaga, amene anali bambo ake a Light m'mafilimu a 2006, anadzakhalanso bambo yemweyo pa siteji.

Mitu 108 mbali iyi, maola osakwana atatu mbali inayo. Mafunso ambiri ali m'munsiwa akuchokera pamenepo.

Near ndi Mello ali kuti?

Mulibe. Mulibenso Watari, mthandizi wa L, kapena Naomi Misora, amene kale anali kazitape wa FBI, ngakhale nkhani yonse ya kampani ya Yotsuba. Mu manga L amafa pa mutu 58, ndipo mitu 50 yotsalayo ndi ya omulowa m'malo, Near ndi Mello. Sewero linasankha kuthera pa Light ndi L, monga anachitiranso mafilimu a 2006.

Kuchotsa munthu m'nkhani si bowo. Bowo limabwera pamene munthu wachotsedwa koma ntchito imene ankagwira yasiyidwa popanda woigwira. Kusowa kwa Mello sikuwononga kanthu. Kusowa kwa Watari kumawononga, ndipo ndidzabwererako tikafika ku doko.

L anadziwa bwanji msanga choncho kuti Kira ali ku Japan?

Apa palibe vuto. L amaika mkaidi wina, Lind L. Tailor, pa wailesi ya kanema ngati kuti ndi iye, n'kulengeza kuti uthengawo ukumveka dziko lonse lapansi. Light amapsa mtima, amalemba dzinalo, mkaidi amagwa. Kenako L amaulula kuti uthengawo umaoneka m'chigawo cha Kanto chokha. Manga imawonjezera chifukwa chimene anayambira ku Japan: munthu woyamba kufa, amene anatsekera ana m'sukulu ya mkaka, mlandu wake unalengezedwa ku Japan kokha. Sewero linasunga msampha umenewu, ndipo pa siteji umagwira ntchito bwino kwambiri chifukwa ndi nthawi yoyamba imene timaona kuti Light akanyozedwa amasiya kuganiza.

Nanga kuchoka pa Kanto yense kufika pa mnyamata mmodzi? Kodi L sanangolumpha?

Funso ili lili ndi mano. L amaona kuti nthawi zimene anthu akufa zikufanana ndi nthawi imene mwana wa sukulu amakhala ali kunyumba, ndiponso kuti Kira akudziwa zinsinsi za apolisi. Zimenezi zimamufikitsa pa ana a apolisi. Koma mu manga pali makwerero ena angapo. Raye Penber, mmodzi mwa akazitape 12 a FBI, amatsata Light. Light amakonza kuti chigawenga chilande basi kuti Penber aonetse chiphaso chake. Penber akafa, L amayang'ana mabanja amene iye ankawafufuza, n'kutsala ndi awiri okha, la Kitamura ndi la Yagami, lomwe ndi banja la Light. Kenako amaika makamera 64 m'chipinda cha Light. Aliyense amene anaonera makatuni amakumbukira paketi ya tchipisi ija.

Sewero lilibe Penber. Kazitape amene Light amamugwiritsa ntchito pa siteshoni ya Shinjuku ndi Haley Belle, dzina lotengedwa pa mndandanda wa akazitape aja a mu manga, ndipo zonse zimachitika m'mphindi zochepa. Makwerero akachotsedwa, munthu amaoneka ngati wauluka. Ine sinditi ndi bowo lenileni, chifukwa palibe chimene chikutsutsana ndi chinzake. Nsalu yake ndiyo yapyapyala pamenepa. Woonerera amene sanawerenge manga amangokhulupirira kuti L ndi wanzeru chifukwa wauzidwa, osati chifukwa waona nzeruzo zikugwira ntchito.

Chifukwa chiyani L akuonetsa nkhope yake kwa munthu amene akumuganizira kuti ndi Kira?

Kope lija limafuna zinthu ziwiri, dzina ndi nkhope. L amapereka nkhope, dzina n'kubisa. Mu manga amalowa pa yunivesite ndi dzina lakuti Hideki Ryuga, lomwe ndi la woimba wotchuka, kuti Light akalilemba nkhope ya woimbayo ikabwera m'maganizo, afe ndi woimbayo ndipo Light adziulule. Komanso L akafa atangodziulula kwa Light, apolisi adziwa pomwepo woyamba kumufunsa. Ndi kulimba mtima kowerengeredwa bwino.

Pa siteji pali chifukwa chinanso: anthu awiri sangaimbe molimbana kwa maola awiri asanayang'anane m'maso. Mpikisano wa tenesi, umene amausewera akuimba popanda mpira m'manja, ndi umodzi mwa malo amene seweroli limaposa makatuni.

Misa, mtsikana woimba amene anakhala Kira wachiwiri, anaona dzina lenileni la L ndi maso amene anagula kwa Rem. Bwanji sanangolilemba?

Sanapeze mpata. Amamangidwa asanachite kanthu, amamangidwa m'maso, ndipo pofuna kumupulumutsa Rem amamuuza kuti asiye umwini wa kope. Munthu akasiya kope amaiwala zonse zokhudza kopelo, dzina la L limodzi. Mu manga pali kachinthu kena kokoma: Light amaimbira Misa foni kuti amve dzinalo, foni n'kulira m'thumba la L, amene anali ataiba kale m'chipiringu cha anthu.

Ena amafunsanso kuti apolisi anamugwira bwanji Misa. Mu manga umboni unali tsitsi ndi tizinthu tina topezeka pa matepi amene anatumiza ku Sakura TV. Misa sanali wobisa mapazi, ndipo sewero limamuonetsa chomwecho: munthu amene amayamika Kira poyera pa konsati yake chifukwa anapha amene anapha makolo ake.

Rem amaona dzina la L. Bwanji osangomuuza Light?

Malamulo a milungu ya imfa amaletsa kuuza munthu dzina kapena masiku a moyo a munthu wina. N'chifukwa chake pali malonda a maso aja, oti munthu apereke theka la moyo umene watsala nawo kuti aziona mayina a anthu akangowayang'ana nkhope. Light anakana malondawo, Misa anavomera. Kuwonjezera apo, Rem samukonda Light ngakhale pang'ono. Ndipo Light iyeyo sakufuna dzina lokha. Akufuna kuti Rem alembe ndi dzanja lake, chifukwa akatero L afa, Rem afanso, ndipo sipatsala woteteza Misa amene angadzamuopseze.

Rem wafa chifukwa chopha L. Nanga Ryuk sakufa bwanji atapha Light?

Mulungu wa imfa safa chifukwa chopha. Kupha ndiyo ntchito yake, ndipo masiku amene munthu wasiya amawonjezeka pa ake. Amafa akapha ndi cholinga chotalikitsa moyo wa munthu amene amamukonda. Sewero limationetsa lamuloli lisanafike pa Rem: mulungu wina wa imfa, Gelus, anapha munthu amene ankafuna kubaya Misa, iye n'kusanduka mchenga, kope lake n'kufika kwa Misa kudzera mwa Rem. Ryuk polemba dzina la Light sakupulumutsa aliyense.

Pali ofunsa mozama kuposa apa: Misa anali ataiwala kale zonse, kodi moyo wake unalidi pachiswe? Unali. Kuiwala sikufafaniza umboni, ndipo ku Japan chilango cha imfa chilipo. L akanakhala moyo akanamufikitsa Misa ku chingwe. Rem anadziwa zimenezi, Light anadziwa kuti Rem akudziwa, ndipo anamupanikizira pakona pomwepo. Nyimbo imene Rem amaimba asanalembe ndiyo imandigwira pakhosi kuposa zonse m'seweroli, chifukwa akudziwa kuti akugwiritsidwa ntchito ndipo akulembabe.

L, munthu wochenjera chotere, akupita yekha ku nyumba yosungira katundu kukakumana ndi Kira. Si uchitsiru umenewo?

Ili ndiye funso limene limabwera kwambiri, ndipo yankho lake lili m'kope momwemo. Munthu akalemba dzina ali ndi masekondi 40 olembera chimene chiphe munthuyo, kenako mphindi 6 ndi masekondi 40 zolembera tsatanetsatane. Angathe kulamulira zochita za munthuyo asanafe, mpaka masiku 23. M'seweroli Rem salemba dzina lokha. Amalemba zimene Light wakonza: kuti L apite ku doko la Daikoku, akaombere Light, kenako adziombere yekha. Choncho L amene akulowa m'nyumba ija si munthu amene wasankha molakwa. Ndi munthu amene walembedwa kale. Miyendo ikuyenda, maganizo akuganiza kuti ndi ake, koma njira inadulidwa ndi wina.

Ndimamva chisoni anthu akamati sewero linamupusitsa L. Ine ndimaona kuti linamuchitira ulemu umene manga sinamupatse. Mu manga amagwa pampando, n'kuona Light akumwetulira, n'kutseka maso osanena kanthu kwa iye. Pa siteji amaima maso ndi maso ndi Light, amamva Light akuvomera ndi pakamwa pake kuti ndiye Kira, amakhudza kope n'kumuona Ryuk. Amafa akudziwa kuti sanalakwitse.

Malowo sanasankhidwe mwangozi. Manga imathera pa doko lomwelo la Daikoku, m'nyumba yotchedwa Yellow Box, pamene Near amavula Light chigoba pamaso pa apolisi. Sewero linatenga nyumbayo n'kuikamo L m'malo mwa Near.

Koma lamulo limati kope silingachititse munthu kupha mnzake. L akuombera bwanji Light? Ndipo mfuti anaitenga kuti?

Lamulolo limati ngati imfa yolembedwayo ingaphetse munthu wina amene sanalembedwe, wolembedwayo amangofa ndi kuima kwa mtima. Likunena za imfa, osati bala. L amaombera Light kumwendo, ndipo Light safa ndi chipolopolocho. Lamulo silinathyoledwe, ngakhale Light analiyenda m'mphepete penipeni.

Za mfuti, funsolo ndi loyenera chifukwa ku Japan munthu wamba saloledwa kukhala ndi mfuti ya m'manja, ndipo manga imasamala zimenezi: pothamangitsa Higuchi, munthu wa ku Yotsuba amene anali ndi kope panthawiyo, Light amakana mfuti ponena kuti malamulo a dzikolo salola. Koma L ndi munthu amene apolisi a mayiko ambiri amamumvera. Kuti apeze mfuti imodzi si chinthu chosatheka, ndipo kope limangokana zosatheka.

Light ankafuna kuti anthu akhulupirire kuti L ndiye anali Kira. Apolisi akanavomera zimenezo?

Apa ndiye denga likudonthadi, ndipo sindiika beseni kuti ndibise.

Mu manga Light amatsuka dzina lake ndi ntchito yaikulu. Amadzipereka kuti atsekeredwe, amasiya kope n'kuiwala zonse, amakhala m'chitokosi masiku 50 pamene zigawenga zikufabe kunja, ndipo asanatero amauza Ryuk kuti alembe malamulo abodza m'kope, lina lonena kuti wolemba akasiya kulemba kwa masiku 13 amafa. Pofika tsiku limene L akufa, apolisi onse amakhala atakhutira kuti Light ndi wosalakwa. Sewero linachotsa zonsezi. Light wa pa siteji samatsukidwa. L amauza Soichiro, bambo ake a Light, poyera kuti akuganizira mwana wake, ndipo Soichiro amavutika nazo mumtima mpaka kumapeto. Tsono tangoganizani: wofufuza amene wakhala akuloza mnyamata mmodzi wapezeka atafa, pambali pake pali mnyamata yemweyo ndi bala la kumwendo, akunena kuti wakufayo ndiye anali wakupha. Wapolisi wanji amene angatseke faelo? Ndipo Light akadzayambiranso kulemba mayina, bodzalo lidzaima pati, popeza Kira akuti anafa?

Pamenepa mpamene kusowa kwa Watari kukupweteka. Mu manga L ali ndi munthu kumbuyo kwake, ali ndi nyumba ya ana amasiye ya Wammy ku England kumene akuleredwa omulowa m'malo, ali ndi makina amene amatumiza uthenga iye akafa. L wa pa siteji alibe aliyense, ndipo sitimuona akusiya kalikonse. Munthu amene ankadziwa kuti moyo wake uli pa ulusi sakanalephera kusiya kalata.

Chimene ndinganene poteteza olemba n'chakuti dongosolo la Light silifika poyesedwa, chifukwa iye amafa patangopita mphindi zochepa. Mwinanso kufooka kwake kukugwirizana ndi Light amene seweroli likumuonetsa, mnyamata amene waledzera ndi mphamvu ndipo sakuonanso patali. Koma ndikanakonda mzere umodzi wokha wosonyeza kuti olemba anaona vutoli.

Light wapambana. Ryuk akumupheranji?

Amene amati ili ndi bowo lalikulu kuposa onse amaganiza motere: mu manga Ryuk amalemba dzina la Light chifukwa Light wagonja, waomberedwa ndi wapolisi Matsuda, akupita kundende, ndipo Ryuk safuna kudikira zaka kuti afe. Pa siteji Light sanagonje. Mdani wake wagona pansi, Rem ndi mchenga, Misa sakumbukira kanthu. Nanga Ryuk wapsa mtima ndi chiyani?

Sanapse mtima. Watopa. Bwererani kumayambiriro a sewero: Ryuk akugwetsa kope padziko chifukwa kwawo kulibe chochita. Sanabwere kudzathandiza Light kapena kudzakonza dziko. Anabwera kudzaonerera, ndipo anamuuziratu Light kuti tsiku lina dzina lake adzalilemba ndi iye. Chimene chinkamusangalatsa ndi mpikisano wa anthu awiri ofanana nzeru. L atafa, chatsala n'chiyani? Mnyamata wokhala pa tebulo kulemba mayina tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, zomwezo zimene Ryuk anathawa kwawo. Light popha L anazimitsa yekha moto umene Ryuk ankawotha.

Kwa ine apa ndi pamene seweroli likusiya kukhala chidule cha manga n'kukhala nkhani yakeyake. Manga imati Light anagwa chifukwa anakumana ndi omuposa, ndiponso chifukwa Mikami, amene ankamulembera mayina, analakwitsa. Wowerenga angathe kutseka buku akuganiza kuti Mikami akanapanda kupita tsiku lija ku banki kumene anabisa kope, Light akanakhala mulungu. Sewero limatseka khomo limenelo. Limamupatsa Light chilichonse chimene ankafuna, kenako limationetsa kuti sichinali m'manja mwake ndi kale. Mnyamata amene anayamba sewero ali m'kalasi kufunsa kuti chilungamo chili kuti, amathera pansi akukwawa ndi mwendo wovulala, akupempha kuti asafe, masekondi 40 akuwerengedwa, palibe khoti, palibe mboni, palibe ngakhale mmodzi womuuza kuti walakwa. Amafa chifukwa chomuonerera chatopa naye. Anthu ena amafuna kuti Kira agwidwe ndi lamulo, ndipo ndimawamvetsa. Koma chimene chinawakhumudwitsacho anachiika dala.

Ndinamvera nyimbo za Chingelezi, kenako ndinaonera la Chijapanizi, ndipo zina sizikugwirizana. Cholondola n'chiti?

Nyimbozi zinalembedwa m'Chingelezi poyamba, ndipo zinajambulidwa moyeserera ku New York sewero lisanatsegulidwe, Jeremy Jordan akuimba Light ndipo Jarrod Spector akuimba L. Kenako zinamasuliridwa m'Chijapanizi, ndipo pomasulira nyimbo mawu amasintha kuti alowe m'kayimbidwe. Zojambulidwa zija zilibenso zokambirana za pakati pa nyimbo, kumene kuli mfundo zambiri za nkhani. Amene amadziwa seweroli kudzera m'nyimbo zokhazo amapeza mabowo amene pa siteji palibe.

Seweroli lakhalanso ndi maonekedwe angapo. Ku South Korea linatsegulidwa mu Juni 2015, Hong Kwang-ho ali Light ndipo Kim Junsu ali L, ndipo mu 2022 linakonzedwanso mwatsopano ndi zithunzi za pa makanema akuluakulu m'malo mwa siteji yopanda zambiri ya Kuriyama. Ku Japan linabwerera mu 2017 ndi 2020. M'Chingelezi linafika pamaso pa anthu mu Ogasiti 2023 ku London Palladium, ngati konsati. Mukamatsutsana ndi mnzanu, yambani mwafunsana kuti aliyense anaona liti.

Kumapeto Misa akuoneka ndi mchenga m'manja. Ngati anaiwala zonse, akulira ndani?

Mwa malamulo a kope, Misa sangamukumbukire Rem. Sangakumbukire kuti anali Kira wachiwiri, kapena kuti anagulitsa theka la moyo wake, ndipo theka limenelo silibwerera ngakhale munthu ataiwala. Amene amati chithunzichi chikuphwanya lamulo akunena zoona ngati tikuti Misa akudziwa chimene wagwira.

Ine sindiona kuti akudziwa. Nyimbo yomaliza ndi ya maliro, ndipo onse otsala ali pa siteji, Soichiro, Sayu, mlongo wake wa Light, amene ankati ngwazi yake ndi mchimwene wake osati Kira, ndi khamu limene linkaimba dzina la Kira. Pakati pawo pali mtsikana amene anapulumutsidwa kawiri ndi milungu iwiri ya imfa, Gelus ndi Rem, ndipo onse awiri sangawatchule dzina. Ife oonerera ndi amene tikudziwa kuti mchengawo ndi ndani. Iye akungouona ukutsika pakati pa zala zake.